Nkholokolo, makina okondera ndi zionetsero: chimene chimawawa akumanja ku America

Pa 14 Okutobala 2020, kutatsala masiku 20 kuti anthu a ku United States avote, nyuzipepala ya New York Post inatulutsa nkhani ya maimelo omwe inati achokera mu laputopu ya Hunter Biden, mwana wa Joe Biden, yemwe ankapikisana ndi Donald Trump pa upulezidenti. Amene anaiwerenga n'kufuna kugawirako anzawo pa Twitter anaona malodza. Munthu ankaika linki, n'kudina, koma uthenga osapita. Ngakhale kutumizira mnzako mwamseri, zinali kukanika. Tsamba la nyuzipepalayo linatsekedwa kwa milungu pafupifupi iwiri, ndipo Facebook nayo inachepetsa dala kufala kwa nkhaniyo podikira kuti ifufuzidwe.

Twitter inati nkhaniyo ikuphwanya lamulo lake loletsa kufalitsa zinthu zobedwa m'makompyuta a eni. Posakhalitsa inasintha lamulolo, ndipo mkulu wake panthawiyo, Jack Dorsey, anavomera kuti analakwitsa. Koma madzi akatayika saoleka. Mpaka lero, mukamamvera othirira ndemanga akumanja ku America, kaya pawailesi, pa YouTube kapena m'nyuzipepala, sipapita nthawi laputopu ija isanatchulidwe. Kwa iwo ndi umboni wa dandaulo lomwe akhala nalo kwa zaka zoposa 60, lakuti mavoti ali nawo, koma pazipata zomwe mawu amadutsira pamakhala alonda a mbali ina.

Tikamati akumanja tikunena anthu omwe amadzitcha ma conservative. Amafuna kuti boma lisamalowerere kwambiri pa malonda, misonkho ikhale yotsika, malire a dziko atetezedwe, munthu akhale ndi ufulu wosunga mfuti, ndiponso kuti za banja ndi chipembedzo zisasinthidwe mwachisawawa. Ambiri amavotera chipani cha Republican, pomwe otsutsana nawo, akumanzere, ambiri amavotera cha Democrat. Ndemanga zawo masiku ano zimangozungulira pa nkhani zitatu: ndani ali wokhulupirika ku chipani ndipo ndani ali nkholokolo, makampani a intaneti akukondera mbali iti, komanso magulu omenyera ufulu akumanzere akufuna kulifikitsa kuti dzikolo. Poyamba zimaoneka ngati nkhani zosiyana. Mukazitsatira bwino mupeza kuti ndi chingwe chimodzi, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake phungu amachotsedwa chifukwa cha voti imodzi yokha, muyenera kuyamba mwamvetsa dandaulo la zipata lija.

Dandauloli ndi lakale kuposa intaneti. William F. Buckley Jr. atayambitsa magazini ya National Review mu 1955, anali kale ndi maganizo akuti mayunivesite ndi manyuzipepala akuluakulu ali m'manja mwa anthu osagwirizana naye. Mu Novembala 1969 wachiwiri kwa pulezidenti, Spiro Agnew, anadzudzula poyera mawailesi akanema kuti kagulu kochepa ka atolankhani a ku New York ndi Washington, omwe palibe anawasankha, ndi komwe kamagamula zomwe dziko lonse limve madzulo alionse. Panthawiyo panali lamulo lotchedwa Fairness Doctrine, la mu 1949, lokakamiza mawailesi kupereka mpata ku mbali zonse pa nkhani zautsutso. Litathetsedwa mu 1987, mu ulamuliro wa Ronald Reagan, khomo linatseguka. Chaka chotsatira woulutsa mawu wakumanja Rush Limbaugh anayamba kumveka pawailesi m'dziko lonse, tsiku lililonse la ntchito, akulankhula mbali imodzi yokha popanda kupepesa. Mu 1996 kunabadwa wailesi yakanema ya Fox News ya Rupert Murdoch. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti bizinesi yonseyi inamangidwa pa uthenga umodzi: enawo akukubisirani, bwerani kuno mudzamve zoona. Choncho masamba a mchezo atabwera, omvera anali ataphunzitsidwa kale kukayikira aliyense woima pachipata.

Pa nkhani ya makampani a intaneti ndi pomwe pafunika kudekha, chifukwa othirira ndemanga amaphatikiza milandu itatu n'kuipereka ngati umodzi, pomwe umboni wake si wofanana mphamvu.

Mlandu woyamba ndi wakuti ogwira ntchito m'makampaniwa ambiri ndi akumanzere. Uwu palibe amautsutsa. Ku America ndalama zomwe munthu wapereka ku kampeni zimalembedwa poyera, ndipo za ogwira ntchito ku Google, Facebook ndi Twitter zakhala zikupita kwambiri kwa ma Democrat. Mkulu wa Facebook, Mark Zuckerberg, atafunsidwa ndi seneta wa Republican Ted Cruz ku Seneti mu Epulo 2018, anavomera kuti Silicon Valley, dera lomwe kuli malikulu a makampaniwa, ndi malo opendekera kwambiri kumanzere. Chaka cham'mbuyo mwake Google inali itachotsa ntchito injiniya wina, James Damore, atalemba kalata yotsutsa momwe kampaniyo imalimbikitsira kulemba ntchito amayi. Ena anati kalatayo inali yonyoza amayi. Akumanja anati munthu wangofunsa funso, n'kumuonetsa msana wa njira.

Mlandu wachiwiri ndi wakuti zigamulo zikuluzikulu zingapo zinagwera mbali imodzi. Apanso umboni ulipo. Mu Meyi 2016 tsamba la Gizmodo linalemba kuti ena mwa anthu omwe ankasankha nkhani zoti zioneke ngati zili m'kamwam'kamwa pa Facebook ankasiya dala nkhani za akumanja. Facebook inakana kuti panali ndondomeko yotere, komabe patangopita miyezi itatu inachotsa anthuwo. Kenako laputopu ija. Kenako pa 8 Januwale 2021, patapita masiku awiri gulu la otsatira Donald Trump litathyola n'kulowa m'nyumba ya malamulo ya Capitol, Twitter inatseka tsamba la Trump lomwe linali ndi otsatira pafupifupi 88 miliyoni. M'masiku omwewo Apple ndi Google anachotsa Parler, tsamba la mchezo komwe akumanja ambiri anathawira, m'masitolo awo a mapulogalamu, ndipo Amazon inaleka kuisungira tsamba lake. Parler inazima. Kwa munthu amene ankauzidwa kuti ngati sukukondwa kayambitse tsamba lako, izi zinali zowawa zedi: analiyambitsa, enawo n'kulizimitsa m'masiku ochepa chabe. Pa za Covid-19, Facebook inkachotsa mauthenga onena kuti kachilomboka kanapangidwa ndi anthu kuyambira mu Febuluwale 2021, koma pofika Meyi inasiya, boma la Biden litalamula kuti gwero la matendawa lifufuzidwe bwino. Mu Ogasiti 2024 Zuckerberg analembera phungu wa Republican Jim Jordan kalata yovomera kuti akuluakulu a boma la Biden ankapanikiza kampani yake kuchotsa mauthenga ena okhudza Covid-19, komanso kuti sanayenere kuchepetsa kufala kwa nkhani ya laputopu.

Mlandu wachitatu ndiye umanenedwa mokweza kwambiri, koma ndi womwe uli ndi miyendo yofooka: wakuti makina enieniwo, algorithm yomwe imasankha zoti uone ukatsegula foni, anakonzedwa kuti azipondereza akumanja. Mu Okutobala 2021 Twitter inatulutsa kafukufuku wake yemwe anayang'ana maiko 7. M'maiko 6 mwa amenewa, kupatula Germany, makinawo ankakweza kwambiri mauthenga a andale akumanja kuposa a akumanzere. Pa Facebook, cha m'ma 2020, mndandanda wa malinki omwe anthu ankawadina ndi kuwagawa kwambiri tsiku ndi tsiku unkadzaza ndi mayina a othirira ndemanga akumanja ngati Ben Shapiro ndi Dan Bongino. Chifukwa chake sichovuta kumva. Makinawa sadziwa chipani, amadziwa chomwe chimam'sunga munthu pafoni, ndipo mkwiyo umasunga anthu kuposa china chilichonse. Amene amadziwa kukwiyitsa, wa mbali iliyonse, makina amamukonda.

Pali kafukufuku wina yemwe anatuluka m'magazini ya sayansi ya Nature mu 2024, amene amaonetsa bwino pomwe mkanganowu umakanirira. Anapeza kuti pa Twitter, chisankho cha 2020 chitatha, otsatira Trump ankatsekeredwa masamba kwambiri kuposa otsatira Biden. Koma anapezanso kuti otsatira Trump ankagawa kwambiri nkhani zochokera ku masamba osadalirika, ngakhale pamene oyeza kudalirikako anali ma Republican okhaokha. Ndiye lamulo lofanana likhoza kugwira mbali imodzi kwambiri popanda woliika kukondera. Wakumanja amayankha kuti nanga nkhani ya laputopu ija, si inaikidwanso m'gulu la zosadalirika? Ndipo apa sakunama. Ine ndimaona kuti mbali zonse zimagwira theka la choonadi n'kumalikweza m'mwamba ngati lathunthu: kukondera kunalipo m'zigamulo za anthu okhala m'maofesi, makamaka pa nthawi za mantha, koma nkhani yakuti makina anatseka pakamwa akumanja siigwirizana ndi kuchuluka kwa anthu omwe amawamva.

Lamulo nalo linawaika akumanja pamalo ovuta. Gawo loyamba la zosintha m'malamulo oyendetsera dziko la America limaletsa boma kutseka anthu pakamwa, koma silikhudza kampani. Ndipo Section 230 ya lamulo la mu 1996 imati kampani ya intaneti siingaimbidwe mlandu pa zomwe ogwiritsa ntchito alemba, komanso ili ndi ufulu wochotsa zomwe ikuona kuti n'zosayenera. Kwa zaka zambiri akumanja ndi omwe ankateteza ufulu wa mwini bizinesi. Anaima ndi wophika makeke wa ku Colorado yemwe anakana kuphika keke ya ukwati wa amuna okhaokha, mlandu womwe unafika ku khoti lalikulu la Supreme mu 2018. Tsopano zinthu zitatembenuka, madera a Florida ndi Texas, olamulidwa ndi ma Republican, anakhazikitsa mu 2021 malamulo oletsa masamba akuluakulu kuchotsa anthu chifukwa cha maganizo awo. Mu Julayi 2024 khoti la Supreme linabweza milanduyi ku makhoti aang'ono, koma linanena momveka kuti kusankha zoti zioneke patsamba ndi ntchito yofanana ndi ya mkonzi wa nyuzipepala, yomwe malamulo amaiteteza. Mlandu wina, wa Murthy ndi Missouri, wonena kuti boma linakakamiza makampani, unathera panjira mu Juni 2024: oweruza 6 mwa 9 anati odandaulawo sanaonetse kuti iwo eni anapwetekedwa ndi boma.

Chomwe makhoti sanapereke, ndalama ndi chisankho zinapereka. Elon Musk anagula Twitter mu Okutobala 2022 pa madola 44 biliyoni, n'kubwezeretsa tsamba la Trump, n'kupereka makalata amkati mwa kampaniyo kwa atolankhani monga Matt Taibbi ndi Bari Weiss. Makalatawo anaonetsa kuti kunalidi mabatani ochepetsera kufala kwa anthu ena mwakachetechete, ngakhale sanaonetse kuti boma ndi lomwe linalamula kutseka nkhani ya laputopu. Mu Januwale 2025, Trump atatsala pang'ono kulumbiranso, Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, inathetsa ku America ntchito ya mabungwe otsimikiza ngati nkhani ndi yoona. Dandaulo silinathe ayi, linangosamukira ku nzeru zopangidwa ndi makompyuta, makamaka kuchokera mu Febuluwale 2024 pomwe pulogalamu yotereyi ya Google, yotchedwa Gemini, inkajambula asilikali a Germany a m'nthawi ya Hitler ngati anthu akuda ndi a ku Asia, mpaka Google inaimitsa kaye ntchito yojambula anthu.

Nanga omenyera ufulu akumanzere akulowa bwanji? Mu nkhani momwe akumanja amaifotokozera, iwowa ndi omwe amagwedeza alonda a pachipata. Sapambana zisankho kawirikawiri, koma amadziwa pogwira. Kumapeto kwa 2016 gulu la Sleeping Giants linayamba kujambula zotsatsa malonda zomwe zinkaoneka pa tsamba la nkhani la akumanja la Breitbart, n'kumatumiza zithunzizo kwa eni malonda ndi funso lakuti kodi mukudziwa pomwe dzina lanu likuoneka? Makampani ambirimbiri anathawa. Mu Julayi 2020 makampani oposa 1,000 ananyanyala kutsatsa malonda pa Facebook pofuna kuti ikhwimitse malamulo pa mawu achidani. Mwezi wam'mbuyo mwake, mkonzi wa tsamba la maganizo ku New York Times, James Bennet, anatula pansi udindo ogwira naye ntchito atakwiya kuti walola nkhani ya seneta Tom Cotton yopempha kuti asilikali atumizidwe kukaletsa zipolowe. Izi ndi zomwe akumanja amatcha cancel culture: sakutsutsa ndi mfundo, amangopita kwa bwana wako.

Zionetsero zomwe zinatsatira imfa ya George Floyd, munthu wakuda yemwe anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, ndiye zimakumbukiridwa mosiyana kotheratu. Bungwe la ACLED, lomwe limawerenga zionetsero ndi nkhondo padziko lonse, linapeza kuti zoposa 93 pa 100 zilizonse zinali zamtendere. Makampani a inshuwalansi anawerengera kuti katundu woonongeka anali wa pakati pa madola 1 ndi 2 biliyoni. Manambala onsewa ndi oona, kungoti wailesi iliyonse inasankha yake. Wakumanja amakumbukira polisi yowotchedwa ku Minneapolis, dera la ku Seattle lomwe ochita zionetsero analanda kwa milungu ingapo, ndi mfuwu wakuti apolisi alandidwe ndalama. Amafunsa kuti bwanji amene ankalimbikitsa izi sanatsekeredwe masamba. Wakumanzere amayankha kuti kuswa sitolo n'kosiyana ndi kuswa nyumba ya malamulo pofuna kuletsa kutsimikiza zotsatira za chisankho. Apa sipanapezeke mgwirizano, ndipo sindikuona kuti upezeka posachedwa.

Chomwe sichinenedwa kawirikawiri m'ndemanga zawo n'chakuti akumanja anaphunzira chida chomwecho. Mu Epulo 2023 kampani ya mowa wa Bud Light inatumiza chitini chokhala ndi nkhope ya Dylan Mulvaney, munthu wosintha kuchoka ku umuna kukhala mkazi yemwe ndi wotchuka pa TikTok. Akumanja ananyanyala mowawo mpaka unataya malo ake oyamba pamsika wa America kwa Modelo.

Tsopano kukhulupirika ku chipani kumamveka. Ngati ukukhulupirira kuti mayunivesite, manyuzipepala, makampani a intaneti ndi Hollywood zonse zili kwa adani, ndiye kuti chipani ndi linga lokhalo lomwe latsala, ndipo wotsegula chitseko cha lingalo ndi woipa kuposa mdani wa kunja. Ma Republican akhala ndi mwambo umenewu kuyambira kale. Pa kampeni ya Reagan ku California mu 1966 kunatchuka chomwe ankachitcha lamulo la nambala 11, lakuti usanene zoipa za Republican mnzako. Palinso dzina lonyoza, RINO, lomwe limatanthauza Republican wa dzina lokha. Kale RINO anali phungu wovomera kukweza misonkho kapena wololera kuchotsa mimba. Muyeso wake unali mfundo. Chasintha n'chakuti muyesowo tsopano ndi munthu. Mu Januwale 2016 National Review ija ya Buckley inatulutsa magazini yathunthu yotsutsa Trump, ikunena kuti si wakumanja weniweni. Pofika 2020 chipani sichinalembe n'komwe manifesito atsopano, chinangoti chikuchirikiza zolinga za pulezidenti.

Liz Cheney ndiye chitsanzo chomwe aliyense amatchula. Mwana wa wachiwiri kwa pulezidenti wakale Dick Cheney, anali phungu wa Wyoming, wachitatu pa maudindo a ma Republican m'nyumba ya aphungu, ndipo pa misonkho, mfuti ndi asilikali ankavota mogwirizana ndi Trump pafupifupi nthawi zonse. Mu Januwale 2021 anavota kuti Trump aimbidwe mlandu wochotsedwa pampando. Mu Meyi anam'vula udindo, mu Febuluwale 2022 komiti yaikulu ya chipani inam'dzudzula pamodzi ndi Adam Kinzinger, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anagonja koopsa pa chisankho chachipulula kwa Harriet Hageman. Mwa ma Republican 10 omwe anavota ngati iye, 4 anagwa pachipulula, 4 sanaimenso, ndipo awiri okha, Dan Newhouse ndi David Valadao, ndi omwe anabwerera m'nyumbamo. Chipulula ndiye chikwapu chenicheni. Madera ambiri a aphungu anadulidwa mwakuti chipani chimodzi chimapambana mosakayikitsa, kotero phungu saopa wa chipani china, amaopa wa m'nyumba mwake. Ndipo amene amadzuka kukavota pachipulula ndi ochepa, otentha pa ndale, omwe amamvera mapulogalamu aja tsiku ndi tsiku.

Koma tisaganize kuti wothirira ndemanga ndiye mfumu. Naye ali pachingwe. Usiku wa chisankho cha 2020 Fox News inali yoyamba kulengeza kuti Biden watenga Arizona. Oonera anakwiya, ambiri n'kusamukira ku Newsmax, wailesi ina yakanema ya akumanja. Kampani yopanga makina ovotera ya Dominion itasumira Fox, mauthenga a pafoni ndi maimelo omwe anatuluka kukhoti anaonetsa oulutsa mawu ndi mabwana akunena mwamseri kuti nkhani za kubera mavoti sakuzikhulupirira, kwinaku akuda nkhawa kuti akanena zimenezi poyera oonera athawa. Mu Epulo 2023 Fox inavomera kulipira madola 787.5 miliyoni kuti mlanduwo uthe, ndipo pasanathe sabata woulutsa wake wotchuka Tucker Carlson anachotsedwa. Kwa ine apa ndi pomwe chingwe chonse chimaonekera. Omvera amalanga woulutsa, woulutsa amalanga phungu, phungu amaopa chipulula, ndipo onse akunena kuti amene amatseka anthu pakamwa ali ku Silicon Valley. Ma Democrat nawo sali oyera pa izi. Mu 2024 ambiri a iwo anakhala chete pa ukalamba wa Biden mpaka mtsutso wa pakanema wa mu Juni unaulula zonse, ndipo amene analankhula msanga ankaonedwa ngati akuthandiza mdani.

Mayeso a zonsezi anabwera mu Sepitembala 2025. Charlie Kirk, yemwe anayambitsa gulu la achinyamata akumanja la Turning Point USA, anaomberedwa n'kufa pa 10 Sepitembala akulankhula pa Utah Valley University. Anthu angapo omwe analemba zonyoza imfayo pa intaneti anachotsedwa ntchito, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti, JD Vance, analimbikitsa anthu kuti aziwaimbira mabwana a olemba zoterowo. Wanthabwala wa pakanema Jimmy Kimmel atalankhula za yemwe akuganiziridwa kuti anapha Kirk, mkulu wa bungwe la boma loyang'anira mawailesi la FCC, Brendan Carr, anachenjeza kuti nkhaniyi ikhoza kutha mofewa kapena movuta. Tsiku lomwelo, pa 17 Sepitembala, ABC inaimitsa pulogalamu ya Kimmel, ndipo inabwerera pa 23.

Akumanja ambiri anaombera m'manja, ena anangoti zii. Mmodzi mwa ochepa omwe anadzudzula Carr poyera anali Ted Cruz, yemwe uja anam'panikiza Zuckerberg mu 2018. Anati Kimmel samukonda, koma mawu a Carr akumveka ngati a chigawenga choopseza mwini bala, ndipo tsiku lina ma Democrat akadzatenga boma adzagwiritsa ntchito mphamvu yomweyo potseka pakamwa akumanja. Cruz anasankhidwanso mu 2024, kotero chipulula sadzakumana nacho mpaka 2030.